Misewu Yoyera ya ku Chianti

Pakati pa Florence ndi Siena, m'dziko la Italy, pali zitunda za Chianti, kumene Cosimo III de' Medici anaika malire a minda yamphesa m'chaka cha 1716. Ndipo misewu yoyera yafumbi yokhotakhota m'zitundamo siinalambulidwire alendo ayi, koma ngolo za ng'ombe za alimi osauka, amene ankalima minda ya eni chuma, nagawana nawo zokolola pakati.

Ulimi wogawanawo utazilala m'zaka za m'ma 1960, ana a alimi atathawira kumizinda, phula linayamba kumeza misewuyo umodzi ndi umodzi, monga kuti fumbi linali chizindikiro cha umphawi chimene chinayenera kufafanizidwa. Koma m'dera limene limatchula mwaulemu dzina la Gino Bartali, katswiri wa njinga uja amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anabisa m'zitsulo za njinga yake zikalata zopulumutsira Ayuda, sipakanalephera kupezeka wina womvera chisoni misewuyo. Pakuti mutu umodzi susenza denga, Giancarlo Brocci anasonkhanitsa okwera njinga 92 ku Gaiole in Chianti mu 1997, nayambitsa ulendo wa L'Eroica, umene lero umalandira anthu zikwizikwi okwera njinga zachitsulo zopangidwa chisanafike chaka cha 1988, atavala malaya aubweya a makolo awo. Ndikuona kuti anachita mwanzeru, popeza misewu imene anthu ambiri aikonda siithiridwa phula mwachisawawa.

Mu 2007 akatswiri a njinga nawonso analowa m'fumbimo, ndipo mpikisano wawo wa Strade Bianche umathera pa Piazza del Campo ku Siena.