Chitetezo cha ana m'masukulu apadera a ku Scotland

Ku Scotland, lamulo la maphunziro la 2004 limateteza mwana aliyense amene sangapindule ndi sukulu popanda chithandizo chowonjezera, kaya chifukwa cha ulumali, matenda kapena mavuto a pakhomo. Ambiri amaphunzira limodzi ndi anzawo. Ochepa amapita kumasukulu apadera, ena n'kumagonera komweko.

Ana a m'masukulu amenewa savuta kuwachitira nkhanza. Wina salankhula, wina amasambitsidwa ndi kuvekedwa ndi munthu wamkulu, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mwana akasintha khalidwe anthu amathamangira kunena kuti ndi ulumali womwewo. N'chifukwa chake ogwira ntchito amayenera kumvetsera mwana m'njira yake, kaya ndi manja kapena zithunzi, ndi kulemba chilichonse chokayikitsa.

Wofuna ntchito m'masukuluwa amayamba wafufuzidwa mbiri yake ndi bungwe la Disclosure Scotland, kudzera m'ndondomeko ya PVG yomwe inayamba mu 2011.

Povuta kwambiri ndi pa kugwira mwana mwamphamvu kapena kumutsekera yekha m'chipinda. Mu 2018, lipoti la mkulu woona za ufulu wa ana linapeza kuti makhonsolo ena sankalemba zochitika zonse zotere. Boma linatulutsa malangizo a nkhaniyi mu 2024.