Tanthauzo la Mawu Akuti Taco

Mawu akuti taco, ochokera m'Chisipanishi cha ku Mexico, amatanthauza chakudya chopangidwa ndi tortilla, kabuledi kopyapyala kozungulira ka chimanga chomwe chimayamba chaphikidwa m'madzi othira laimu wa mwala chisanaperedwe, ndipo kabuledi kameneka amakapinda atayikapo ndiwo pakati. Ngakhale ambiri akamva dzinali amaganiza za nyama, tanthauzo lake lagona pa kapindidweko, motero taco ya vegan, ndiko kuti yopanda nyama, mkaka, mazira kapena china chilichonse chochokera ku zinyama, ndi taco yeniyeni ndithu. Nyemba zakuda zophika n'kuzinyenya, zokazingira anyezi, tomato ndi tsabola, ndizo zimaiyenera koposa, popeza zimapereka lysine, kachigawo ka mapuloteni komwe m'chimanga n'kochepa.