Kusokonezeka kwa maganizo kobwera ndi kuchuluka kwa kashiamu m'magazi

Kumbuyo kwa chithokomiro, m'khosi mwa munthu, muli tiziwalo totchedwa parathyroid. Nthawi zambiri timakhala tinayi, kalikonse kukula kwake ngati kambewu ka mpunga. Richard Owen anatiwona koyamba m'thupi la chipembere ku London cha m'ma 1850, ndipo Ivar Sandström wa ku Uppsala anatifotokoza mwa munthu mu 1880. Ntchito yake ndi kuyang'anira kashiamu m'magazi. Akachepa, tiziwaloti timatulutsa homoni ya PTH, imene imakoka kashiamu m'mafupa, imaletsa impso kumutaya mu mkodzo, ndiponso kudzera mwa vitamini D imathandiza matumbo kumuyamwa m'zakudya.

Kamodzi mwa tiziwaloti kakamatulutsa PTH kosalekeza, kashiamu amapyola mlingo wake wa pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L. Madokotala amati imeneyi ndi primary hyperparathyroidism. Mwa odwala pafupifupi 80 pa 100 aliwonse, gwero limakhala chotupa chimodzi chomwe si khansa. Matendawa amakonda amayi, makamaka amene anasiya kusamba.

Minyewa ya ubongo imadalira kashiamu potumizirana mauthenga, ndipo akachuluka imachita ulesi. Akakwera pang'ono, wodwala amangomva kutopa kosadziwika chiyambi chake. Zimene ankazikonda sizimusangalatsanso, amakwiya msanga, tulo timavuta, nkhawa imachuluka, amaiwala pamene waika chinthu kapena kulephera kutsatira nkhani yaitali. Pakhomo anthu amangoti agogo akalamba, kapena amayi akuganiza kwambiri, ndipo ngakhale kuchipatala munthu wotere akhoza kupatsidwa mankhwala a matenda okhumudwa kwa zaka osayezedwa magazi. Apa ndi pamene pagona vuto lenileni la matendawa: palibe chizindikiro cha m'maganizo chimene chili chawochawo. Chimene chimatsegula maso ndi zina zomwe zimayendera limodzi, monga ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, kuphwanya kwa mafupa ndi miyala ya mu impso.

Kashiamu akafika cha pa 3.5 mmol/L kapena kuposerapo, zinthu zimafika poipa. Wodwala sadziwanso tsiku kapena malo amene ali, ena amaona zideruderu, kumva mawu a anthu kulibe, kapena kukhulupirira kuti abale akufuna kuwapweteka, kenako amayamba kusinza mpaka kukomoka. Liwiro limene kashiamu wakwerera limawerengedwanso, ndipo okalamba amasokonezeka msanga kuposa achinyamata. Wodwala wotere amafunika dilipi ya madzi amchere mwachangu, chifukwa amakhala atataya madzi ambiri m'thupi, komanso mankhwala monga zoledronic acid kapena calcitonin. Nzeru zimabwerera kashiamu akatsika, ngakhale nthawi zina pamapita masiku angapo.

Si nthawi zonse pamene tiziwalo ta m'khosi timakhala tolakwa. Khansa ya m'mawere, ya m'mapapo ndi multiple myeloma zimakweza kashiamu kwambiri, ndipo TB nayo imatero kwa ena. Pa matenda amenewa PTH imapezeka yotsika, pamene pa hyperparathyroidism imakhala yokwera kapena yosatsika monga ikanayenera. Nchifukwa chake zonse ziwiri zimayezedwa pamodzi.

Njira yochizira primary hyperparathyroidism ndi opaleshoni yochotsa chotupa cha parathyroid chija. Felix Mandl anaichita koyamba ku Vienna mu 1925, ndipo masiku ano dokotala wozolowera ntchitoyi amachiza odwala oposa 95 pa 100 aliwonse. Funso lovuta ndi la anthu amene kashiamu wawo wangokwera pang'ono. Anthu otere anayamba kupezeka ambiri m'zaka za m'ma 1970, makina oyeza magazi atafala m'zipatala za ku Ulaya ndi ku America. Ambiri amanena kuti mutu wapepuka akachitidwa opaleshoni, koma kafukufuku woyerekeza ochitidwa ndi osachitidwa sanapereke yankho limodzi. Pa chifukwa chimenechi, malangizo a akatswiri a mayiko osiyanasiyana a mu 2022 sanaike zizindikiro za m'maganizo pazokha pa mndandanda wa zifukwa zochitira opaleshoni. Kusamala kumeneku nkomveka, komabe kumasiya wodwala wotopa ndi woiwalaiwala akudalira mmene dokotala wake waionera nkhaniyo.

Palinso njira yobwerera chammbuyo. Lithium, mankhwala othandiza kwambiri pa matenda a bipolar, amasokoneza mmene tiziwalo ta parathyroid timamvera kashiamu, moti ena amene amamwa kwa zaka zambiri kashiamu wawo amakwera. Zikatero, kufooka ndi kusokonezeka kwatsopano kumaoneka ngati matenda akale abwereranso. Amene ali pa lithium amayenera kuyezedwa kashiamu asanayambe kumwa, ndiponso nthawi ndi nthawi pambuyo pake, limodzi ndi impso ndi chithokomiro.