Singano

Mukatchula singano pamsika wa Taifa ku Mzuzu, ambiri aganiza zosoka zitenje. Koma akuluakulu akudziwanso ina: kansonga koyenda m'mizere ya mbale ya galamafoni, kamene kamatola kunjenjemera n'kukusandutsa nyimbo. Dzinali linakhala chifukwa zakalezo, za mbale zozungulira ka 78 pamphindi, zinalidi zachitsulo chosongoka, ndipo zinkafunika kusinthidwa mbali imodzi ikangotha. Zamakono nsonga yake ndi ya dayamondi, yopirira maola mazanamazana.

Mawuwa amapulumutsanso thumba. Singano si katiriji yonse, mutu umene imalowamo uja. Pa mitundu yambiri, monga Audio-Technica AT-VM95, imazulidwa payokha. Nyimbo zikayamba kusasa mawu, gulani singano yokha, chifukwa yobuntha imakanda mbale zomwe makolo anatisungira.