Injini zobadwira kozizira, zokalambira kuno kotentha

Mbiri ya kopaletivi nthawi zambiri imakamba za atsogoleri ndi matumba a mbewu amene anagulitsidwa. Koma inu amene mwakhala mamembala kuyambira pachiyambi mukudziwa kuti m'zaka 10 zimenezi palibe nkhani yomwe yadya nthawi pamisonkhano yathu kuposa ya injini zitatu: ya thirakitala, ya chigayo, ndi ya kapampu ka petulo kothirira kudimba. Zonse tinazigula zitagwirapo kale ntchito kwina, ndipo zonse zili ndi nthenda imodzi. M'mawa zimalira bwinobwino. Zikagwira ntchito mpaka dzuwa lili paliwombo, wina n'kuzizimitsa kuti akadye nsima, basi, pobwera zakana. Anthu ali pamzere ndi madengu awo, munda walimidwa theka, tomato akufota, injini ili duu.

Kuti timvetse nthendayi tiyenera kudziwa kwawo kwa makinawa. Injini ya dizilo yoyamba kugwira bwino ntchito inalira mu 1897 ku Augsburg m'dziko la Germany, ndipo anaikonza ndi Rudolf Diesel. Ilibe pulagi. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenaka dizilo amapoperedwa mu mpweyawo n'kuyaka yekha. Ndiye kumaiko a chisanu mdani wamkulu anali kuzizira. Kampani ya Lister ya ku Dursley ku England itayamba kupanga injini zake za CS mu 1929, zilembo ziwirizo zinkaimira mawu achingerezi otanthauza kuliza injini ili yozizira. Anaikapo kavavu kowonjezera mphamvu yopanikiza mpweya poliza, kenaka n'kukabweza injini ikafunda. Achikulire akukumbukira kalirilidwe kake pazigayo zakale: magudumu awiri achitsulo, kuzungulira mosapupuluma, maulendo ngati 650 pa mphindi. Ku Dursley anasiya kuzipanga mu 1987, koma ku Rajkot m'dziko la India anapitiriza kupanga zofanana nazo. Masiku ano zigayo zambiri za kumudzi zikuyendera injini za silinda imodzi za ku China, zokhala ndi kathanki ka madzi pamwamba.

Mbiri ya thirakitala ndi yofanana. Kathirakitala kotuwa ka Ferguson TE20 kanayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946. Mu 1953 kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi ya Massey-Harris, ndipo mu 1959 anagula kampani yopanga injini ya Perkins ya ku Peterborough. Thirakitala yofiira ya MF 135, yomwe dizilo yake ndi ya Perkins ya masilinda atatu, inatuluka mu 1964, ndipo zina mwa izo zikulimabe. Zambiri zili ndi kachipangizo kotenthetsa mpweya poliza m'nyengo yozizira. Onani: akatswiri onsewa ankalimbana ndi m'mawa wachisanu. Masana a mwezi wa Okutobala kuno kwathu, thirakitala ili ndi zaka zoposa za woiyendetsa, imeneyo ndi nkhani yomwe tinayenera kuiphunzira tokha.

M'zaka zoyambirira njira zinali ziwiri. Woyendetsa ankaimika thirakitala pamtsetse kuti ikakana aigubuduze, kapena ankangoisiya ikulira nthawi yonse ya nkhomaliro, ikumwa dizilo wogulidwa ndi masheya anu. Ena ankati yatopa, ena mwanthabwala ankati yalodzedwa. Munthu akaona izi amathamangira kuganiza za batire, ndipo nthawi zina amalondola. Waya wa mkati mwa sitata akatentha amachepetsa mphamvu ya magetsi, ndipo mitu ya batire ikachita dzimbiri zimangoipiraipira. Koma khutu limasiyanitsa. Injini ikamazungulira mwaulesi ngati ikukoka katundu, yang'anani batire, mawaya ndi sitata. Ikamazungulira mwamphamvu koma osagwira moto, utsi osatuluka n'komwe, batire musiyeni. Dizilo ndiye sakufika.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mathirakitala ambiri a nthawi imeneyo ali ndi pampu ya mafuta ya mtundu wa CAV DPA. M'kati mwake muli kachitsulo kozungulira m'mutu wa pampu, kamene kamagawira dizilo ku nozo iliyonse. Zitsulo ziwirizi zinasulidwa kuti zigwirane thithithi, mpata wake ndi wochepa kwambiri kuposa tsitsi, ndipo zilibe oyilo wina wozifewetsa koma dizilo yemweyo. Zaka zikamapita mpatawo umakula. M'mawa dizilo amakhala wolemererako, ndiye amatseka mpatawo, mphamvu n'kukwanira kutsegula nozo. Akatentha amapyapyala ngati madzi. Injini ikamathamanga palibe vuto, chifukwa pampu ikukankha mofulumira kuposa mmene mafuta akuthawira. Koma poliza, sitata imazungulitsa pang'onopang'ono, dizilo amathawira m'mbali, nozo osatseguka. N'chifukwa chake kuigubuduza pamtsetse kunkathandiza: liwiro limakhala lalikulu kuposa la sitata.

Amakaniko ali ndi kanjira koyesera nthendayi. Amaziziritsa mutu wa pampu, ndipo injini ikalira nthawi yomweyo amadziwa kuti mutuwo watha. Ena mwa inu munaonapo woyendetsa akukhuthulira chigubu cha madzi ozizira pamenepo. Zimagwira ntchito ndithu, koma n'kusewera ndi moto. Chitsulo chakunja chimakhwinyata msanga pamene cham'kati chikadali chotentha, ndipo tsiku lina zimagwirana, shafiti n'kuduka, mtengo wokonzetsa n'kukwera kawiri. Kansalu konyowa ndi madzi ofunda n'kokwanira poyesa, kamodzi kokha, osati kusandutsa chizolowezi cha masana aliwonse. Mankhwala enieni ndi kutengera pampu ndi manozo kwa odziwa amene ali ndi makina oyezera. Pampu imeneyi si yomasula pansi pa mtengo wa mango.

Ndipo tisanamizire ukalamba wokha. Chomwe chimadya mutu wa pampu msanga ndi fumbi, madzi, ndi palafini wosakanizidwa mu dizilo, poti palafini safewetsa zitsulo mokwanira. Mafuta akasowa m'dziko, monga zinalili mu 2011 ndi 2012 komanso zaka zaposachedwazi, alimi amagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera patapita miyezi, aliyense ataiwala. Lamulo lathu loti dizilo azikhala kaye mu diramu kuti zinyalala zidikhe, azisefedwa pothira, komanso kuti fyuluta izisinthidwa panthawi yake, linachokera pamenepa. Ena ankaliona ngati kuvutitsa woyendetsa. Ine ndimaliona ngati lamulo lomwe latipulumutsira ndalama zambiri kuposa malamulo ena onse a makina.

Kuchigayo woyendetsa ali ndi mwayi umodzi: amaliza ndi dzanja, ndiye mkono umamuuza zoona. Injini ili yotentha, handulo ikamadutsa mopepuka ngakhale wabweza kachitsulo kotsegula vavu, mpweya ukuthawa. Kawirikawiri ndi mavavu. Vavu ikatentha imatalika pang'ono, ndiye ngati mpata wake unatcheredwa wothina, siitsekanso bwino. Ikazizira imabwerera, injini n'kulira ngati sinalakwepo. Koma handulo ikamalemera modabwitsa, injini yapsa mopitirira, pisitoni yafufuma. Yang'anani m'kathanki ka madzi. Madzi a pamjigo a m'madera ena amasiya zoyera zolimba ngati za m'ketulo, ndipo zikachuluka madzi amawira koma chitsulo osazizira. Deya amene amamatirira pa injini nayenso ndi bulangeti.

Kapampu ka kudimba ndi ka banja lina. Injini zazing'ono za petulo zamtunduwu zinafala potsatira za Honda GX zomwe zinatuluka mu 1983, ndipo zotengera zake zadzaza m'masitolo. Izi zimafuna moto wa pulagi, ndipo koyilo yokalamba imatha kupereka moto ikazizira n'kuleka ikatentha. Muyese moto nthawi yomweyo yakanayo. Mukadikira kuti makaniko afike madzulo, adzapeza zonse zili bwino, akulipiritsani ulendo, mawa yakananso. Mpata wa mavavu pa GX160 zamtundu wakale ndi 0.15 mm kolowera ndi 0.20 mm kotulukira utsi, poyeza injini ili yozizira. Palinso zing'onozing'ono zomwe zimachititsa manyazi: kabowo ka mpweya pachitsekerero cha thanki kakatsekeka petulo amaleka kutsika, ndipo kutseka choko injini ili yotentha kumangoimiza m'mafuta. Petulo wathunso ali ndi mbiri yake. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa naye. Petulo wotere sachedwa kusanduka nthunzi, ndiye pampu yozimitsidwa padzuwa lamasana imatha kuwiritsa mafuta mu kabuleta. Kamthunzi ka udzu pamwamba pake, kosatchinga mphepo komanso kotalikirana ndi paipi ya utsi, kamathandiza.

Pamene tikulowa chaka cha 11, funso lomwe lakhala likubwerabwera lidakalipo: tikonzetse kapena tigule zatsopano? Achinyamata akunena za pampu ya sola kudimba ndi mota ya magetsi a ESCOM kuchigayo, ndipo pa pampu ndikugwirizana nawo, poti dzuwa lomwe limakanitsa injini ya petulo ndi lomwelo limayendetsa sola. Kuchigayo, mota ingabwere, koma injini ya dizilo isachotsedwe malinga ndi mmene magetsi amazimira. Pa thirakitala ndiye ndikuti tisapupulume. Mutu wa pampu, manozo ndi sitata zimapezeka, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa thirakitala ina, yomwe mwina idzabweranso yogwiritsidwa kale ntchito, ndi nthenda zake zomwe sitikuzidziwa. Komiti ya makina idzabweretsa mitengo ya mbali zonse ziwiri ku msonkhano waukulu, pamodzi ndi buku la woyendetsa momwe mwalembedwa tsiku lililonse limene injini inakana, nthawi yake, ndi komwe dizilo wa sabata imeneyo anagulidwa. Mudzalipemphe mulione musanakweze dzanja.