Chule wa Thovu (Chiromantis xerampelina)

Chule wa thovu, amene asayansi amamutchula kuti Chiromantis xerampelina, ndi chule wokhala m'mitengo wa kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Amadziwika ndi chisa chake cha thovu loyera chomwe chimalendewera kunthambi pamwamba pa zithaphwi mvula ikayamba. Khungu lake n'lotuwa ngati khungwa la mtengo, ndipo kunsonga kwa zala zake kuli timinofu tobulungira tomatirira. Zala ziwiri za dzanja zimayang'anizana ndi ziwiri zinzake, motero amafumbata kanthambi mwamphamvu. Wamkazi akakula amatha kupitirira masentimita 8, wamwamuna amacheperapo.

Amene adamupatsa dzina la sayansili ndi Wilhelm Peters, katswiri wa zinyama wa ku Germany, m'chaka cha 1854. Achule omwe adawafufuza adachokera ku Tete ndi ku Sena, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi ku Mozambique.

Chochititsa chidwi ndi abale ake. Munthu angaganize kuti ndi mbale wa tiachule ta m'bango timene timalira usiku m'madambo, kapena wa achule a m'mitengo a ku America a banja la Hylidae, koma ayi. Iye ndi wa banja la Rhacophoridae, lomwe mitundu yake mazanamazana ili ku Asia, kuyambira ku India ndi Sri Lanka mpaka ku Japan ndi Indonesia. Mu Africa monse gulu la Chiromantis ndi lokhalo loimira banjali, ndipo lili ndi mitundu inayi. Kupatula xerampelina, pali rufescens wa m'nkhalango zowirira za kumadzulo ndi pakati pa Africa, petersii wa ku Kenya ndi Tanzania, ndi kelleri wa kumpoto kwa Kenya, Ethiopia ndi Somalia. Mu 2006 akatswiri ena adaphatikiza achule angapo a ku Asia m'gululi, koma kafukufuku wa chibadwa adawachotsamonso mu 2020.

Dera la chule wa thovu n'lalikulu ndithu. Limayambira kugombe la Kenya, n'kutsika kudzera ku Tanzania, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, kufika ku Eswatini ndi kumpoto cha kum'mawa kwa South Africa. Chakumadzulo amapezeka ku Botswana, kumpoto kwa Namibia ndi ku Angola. Amakonda madera otsika ndi otentha a tchire la mitengo yapatalipatali, monga zigwa za Shire, Luangwa ndi Zambezi.

Kuti chule akhale bwino malo ouma chotero si chinthu chapafupi, pakuti achule ambiri amauma msanga akakhala padzuwa. Uyu amapinda miyendo n'kuipanikiza kuthupi, ndipo kukatentha khungu lake limayera mbuu kuti dzuwa lisamuwotche. Sataya madzi ambiri pokodza: zoipa za m'thupi amazitulutsa zolimbirako, monga zimachitira mbalame. Ndiye chifukwa chake m'chilimwe anthu amamupeza ali phee pamtanda wa denga la khonde, kutali ndi madzi.

Nthawi yoswana, wamkazi amakwera nthambi yolozera pamadzi, natulutsa madzi olenda amene amawapalasa ndi miyendo yakumbuyo mpaka achite thovu. Aamuna angapo amamuunjirira n'kumapalasa nawo, kotero mazira a chisa chimodzi amakhala a abambo osiyanasiyana. Dzuwa likawomba, kunja kwa chisa kumauma n'kukhala chikhokho, m'kati muli chinyezi. Pakatha masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi, mbululu zimaboola pansi pa chisacho n'kugwera m'chithaphwi, momwe zimakulira.

Bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN limamuika m'gulu la zamoyo zomwe sizili pachiopsezo cha kutha. Komabe kuswana kwake kumadalira mtengo kapena chitsamba chowerama pamadzi, choncho odula mitengo m'mbali mwa madambo azisiyako ina, ndipo ana asamagwetse thovulo ndi miyala.