Zelda: gemu yomwe idapangidwa kuti usochere

Pa 21 February 1986, kampani ya Nintendo ya mumzinda wa Kyoto ku Japan idatulutsa The Legend of Zelda, gemu yomwe chiyambi chake chidadabwitsa osewera. Umangopezeka uli pabwalo ngati mnyamata wovala zobiriwira dzina lake Link, chishango kumanja, chida chomenyera ulibe. Njira zitatu zatseguka, chapafupi pali khomo la phanga, koma wokuuza kolowera palibe. Ukalowa m'phangamo umapeza nkhalamba yokupatsa lupanga. Ukalambalala, gemuyo siikubweza ayi. Umakakumana ndi zilombo chimanjamanja.

Sikudali kuiwala. Shigeru Miyamoto, yemwe adaipanga ndi mnzake Takashi Tezuka, adabadwa mu 1952 ku Sonobe, dera lakumudzi kufupi ndi Kyoto. Wakhala akusimba kuti ali mwana ankayendayenda m'nkhalango ndi m'mapiri popanda mapu, mpaka tsiku lina adapeza phanga, nalimba mtima kulowamo ndi nyali. Mantha osakanikirana ndi chidwi aja ndi omwe adafuna kuika m'gemu. Gulu lake linkapanga Zelda nthawi imodzi ndi Super Mario Bros. ya mu 1985, ndipo lidasiyanitsa dala ziwirizi: Mario amathamangira kumanja mpaka kumapeto, Link amayenera kuima ndi kuganiza.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mdani wamkulu Ganon wagwira mwana wa mfumu, Zelda, yemwe adagawa chinthu champhamvu chotchedwa Triforce ya nzeru m'zidutswa 8 nazibisa m'mapanga a dziko la Hyrule. Dzina la Zelda, Miyamoto adalitenga kwa Zelda Fitzgerald, mkazi wa mlembi wa ku America F. Scott Fitzgerald, poti lidamukomera m'khutu.

Kukoma kwenikweni kuli m'dziko la Hyrule lenilenilo. Lili ndi zigawo 128, ndipo zambiri zimabisa kanthu. Uotche chitsamba ndi kandulo, pansi pake pali masitepe. Uphulitse bomba pathanthwe looneka ngati ena onse, khomo latseguka; mkatimo mwina akupatsa ndalama, mwina nkhalamba ikulipiritsa chifukwa wathyola chitseko chake. Kunena zoona, zinsinsi zina n'zankhanza: palibe chizindikiro chilichonse, umangootcha zitsamba chimodzichimodzi. Komatu nkhanzazi n'zimene zidachititsa kuti ana azikambirana kusukulu, azijambulirana mapu papepala, wina atapeza ichi wina icho. Miyamoto ankafuna zomwezo. Gemu ya munthu mmodzi idasanduka ya gulu, intaneti isanafike m'nyumba.

Ulendo wautali chotere sukadatheka pa tsiku limodzi. Ku Japan gemuyi idatuluka pa diski ya makina a Famicom Disk System, yomwe inkasunga pamene wafika. Itapita ku America mu 1987 pa makina a NES, omwe adalibe diski, Nintendo idaika kabatire mkati mwa katiriji, nailocha mtundu wagolide kuti isiyane ndi zinzake zotuwa. Munthu adatha kuzimitsa, kukagona, n'kudzapitiriza mawa osalemba zilembo zachinsinsi. Makatiriji ndi madiski oposa 6 miliyoni adagulidwa padziko lonse.

Kusamukako kudasiya chinthu china choseketsa. Zilombo zamakutu aatali zotchedwa Pols Voice zinkafa wosewera wa ku Japan akakuwa pa maikolofoni ya chogwirira chachiwiri cha Famicom. Chogwirira cha NES chidalibe maikolofoni, koma kabuku ka malangizo kadanenabe kuti zilombozi zimadana ndi phokoso. Ana a ku America adaziimbira chitoliro cha Link mpaka kutopa.

Nyimbo yotsegulira nayo idabwera mothamanga. Wopeka nyimbo Koji Kondo adakonza zogwiritsa ntchito Boléro ya Maurice Ravel, koma chakumapeto zidadziwika kuti umwini wa nyimboyo udali usanathe. Adapeka ina usiku umodzi, ndipo ndi imene magemu a Zelda akuimbabe.

Magemu otsatira, monga Ocarina of Time ya mu 1998, adakula n'kukongola, koma pang'onopang'ono adayamba kumugwira dzanja wosewera. Pomwe Nintendo inkakonza Breath of the Wild ya mu 2017, idayamba yayesera maganizo ake pa kagemu kooneka ngati ya mu 1986 ija, kuti ibwezeretse ufulu wolowera kulikonse.

Ndipo amene wagonjetsa Ganon asamati wamaliza. Popanga mapanga, Tezuka adagwiritsa ntchito theka lokha la malo omwe adapatsidwa pa diski, ndiye theka linalo adaikamo ulendo wachiwiri, wovuta kwambiri, mapanga atasinthidwa malo ndi mkati momwe. Wofuna kuuyamba osadutsa woyambawo angolemba ZELDA pamalo a dzina lake.